Ngwazi ya ulendo wa pa njinga imadziwika m'mawa mwake

Munthu akabwerako ku ulendo wa pa njinga wa masiku ambiri, anthu samufunsa za masiku amene adayenda bwino. Funso lawo limakhala limodzi: kodi tsiku limene udayenda kwambiri udapalasa makilomita angati? Iyenso mwini wake amayankha monyadira, ndipo chiwerengero chikakhala chachikulu omvera amagwira pakamwa namutcha mwamuna. Khalidwe lotamanda tsiku lalitali ndi lofala pakati pa okonda kupalasa, kuyambira alendo akunja omwe timawaona mumsewu wa M1 atapachika zikwama uku ndi uku, mpaka achinyamata a m'sukulu ndi m'mipingo amene amakonza maulendo a pa njinga pofuna kupeza ndalama zothandizira ovutika. Ine ndikuona kuti khalidweli ndi lolakwika. Pa ulendo wa masiku ambiri, tsiku lalitali ndi ngongole imene thupi limatenga kwa tsiku lotsatira. Choncho muyeso woyenera wa tsikulo ndi momwe munthu wadzukira m'mawa mwake, osati makilomita amene wapalasa dzuwa lisanalowe.

Kuti mfundoyi imveke, titengere chitsanzo pa ulendo umene ena mwa ife tidauonapo ukudutsa m'dziko lathu lino. Mu 2003 padayamba ulendo wotchedwa Tour d'Afrique, ndipo mmodzi mwa omwe adauyambitsa adali Henry Gold wa ku Canada. Njira yake yoyambirira idachokera ku Cairo m'dziko la Egypt n'kukathera ku Cape Town ku South Africa, mtunda wa makilomita oposa 10,000, ndipo ulendowo unkatenga miyezi inayi. Opalasa ankanyamuka mu Januwale, n'kudutsa ku Sudan, Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, ndipo cha kumapeto kwa Marichi ankalowa m'Malawi pa chipata cha Songwe. Kuchoka apo ankadzera ku Karonga, Chitimba, Mzuzu, Chikangawa, Kasungu ndi Lilongwe, kenako n'kutulukira ku Mchinji kulowera ku Zambia, Botswana ndi Namibia. Pa tsiku ankayenda makilomita pafupifupi 120, malole atawanyamulira katundu ndi chakudya. Koma pakati pa masiku wamba amenewa padali masiku ena owerengeka omwe aliyense ankawaopa, ndipo masiku amenewo ndiwo mutu wa nkhani yathu.

Choyamba chofunika kudziwa ndi chakuti makilomita amanama. Tsiku lalitali kwambiri pa mapu a ulendo wa Tour d'Afrique lidali la ku Botswana, polowera ku malire a Namibia, pomwe opalasa ankayenda makilomita oposa 200. Komatu dziko la Botswana ndi lathyathyathya ngati mphasa. Tsiku lochoka ku Chitimba kupita ku Mzuzu ndi la makilomita pafupifupi 130 okha, koma lili ndi chitunda cha Chiweta. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu yamchere, pamene mzinda wa Mzuzu uli pa mamita oposa 1,200, ndipo pakati pa malo awiriwa msewu umakwera, kutsika ndi kukweranso. Ku Ethiopia nako kuli chigwa cha mtsinje wa Blue Nile, komwe pa makilomita pafupifupi 20 okha munthu amakwera mamita oposa 1,000. Ife a kum'mwera tilinso ndi chitsanzo chathu. Kuchoka ku Chikwawa kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50, mtunda womwe pa pepala ukuoneka wa mwana, koma aliyense amene adakankhapo njinga pa zitunda za Thabwa sangauderere.

Kuwonjezera pa zitunda pali mphepo. Chitunda chili ndi ubwino umodzi woti chimaoneka ndipo chimatha. Ukafika pamwamba umalipidwa ndi matsitso. Mphepo yochokera kutsogolo ilibe malipiro otere. Akatswiri a sayansi amatiuza kuti liwiro la mpweya womenya munthu likawirikiza kawiri, mphamvu yomukankhira m'mbuyo imawirikiza kanayi. Munthu amene wakonza zopalasa m'mbali mwa nyanja kuchoka ku Nkhata Bay kulowera ku Nkhotakota ndi ku Salima m'miyezi ya Juni ndi Julaye akumana maso ndi maso ndi mwera, ndipo liwiro lake likhoza kutsika kwambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makilomita 150 pa liwiro la makilomita 20 pa ola amatenga maola asanu ndi awiri ndi theka. Liwirolo likatsika kufika pa 13, mtunda womwewo umatenga maola khumi ndi limodzi ndi theka, osawerengera nthawi yodya ndi yopuma. M'dziko muno dzuwa limatiunikira maola pafupifupi khumi ndi awiri basi. Mtunda sudasinthe ngakhale ndi phazi limodzi, koma tsiku lija lasanduka lina.

Vuto lachiwiri ndi la m'mimba, ndipo ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri amphamvu. Thupi la munthu limasunga shuga wapadera m'minofu ndi m'chiwindi, yemwe asayansi amamutcha glycogen. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono, magalamu pafupifupi 500 mwa munthu wamkulu, ndipo pa ntchito yakalavulagaga imatha m'maola awiri kapena osakwana. Ikatha, munthu samva ngati njala wamba. Miyendo imangolemera mwadzidzidzi, m'maso mumachita chidima, thukuta lozizira limatuluka, ndipo munthu yemwe amaseka ndi anzake mphindi khumi zapitazo amayamba kudzandira ngati woledzera. N'chifukwa chake akatswiri a zamasewero amalangiza kuti wopalasa mtunda wautali azidya magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, zomwe ndi ngati nthochi imodzi kapena ziwiri. Chovuta n'chakuti pamene tsiku likutalika, chilakolako cha chakudya chimachepa. Kutentha ndi kutopa kumatseka kummero, moti munthu amakana chakudya pa nthawi yomwe thupi lake likuchifuna kwambiri. Amene akuthamangira kuti akafike msanga amaonanso ngati kuima kuti adye ndi kutaya nthawi, osadziwa kuti akudula nthambi yomwe wakhalira.

Madzi nawo ali ndi nkhani yake. Kukatentha, munthu wopalasa akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta kapena kuposa apo pa ola limodzi, ndipo thukutalo limatuluka ndi mchere. Akapanda kumwa mokwanira, magazi amachepa m'mitsempha, mtima umagunda mothamanga kuti ugwire ntchito yomweyo, ndipo thupi limalephera kudziziziritsa. Kutentha kwa m'thupi kukapitirira madigiri 40, moyo umakhala pa chiswe. Koma kumwa madzi okhaokha ambiri popanda kudya kanthu kamchere nakonso n'koopsa, popeza kumasungunula mchere wa m'magazi. Mbiri ya mipikisano ya njinga ili ndi chenjezo lomvetsa chisoni pa nkhaniyi. Pa 13 Julaye 1967, katswiri wa ku Britain, Tom Simpson, adagwa n'kumwalira akukwera phiri la Mont Ventoux pa mpikisano wa Tour de France, ali ndi zaka 29. Tsikulo kudatentha kwambiri, iye adali atavutika ndi m'mimba masiku angapo m'mbuyomo, ndipo m'thupi mwake mudapezeka mowa ndi mankhwala oletsa kumva kutopa. Atagwa koyamba adakwezedwanso pa njinga, napalasa pang'ono, n'kugwa komaliza. Thupi lidamuchenjeza, koma mankhwala ndi mtima wosafuna kugonja zidatseka makutu ake.

Vuto lachitatu ndi lochititsa manyazi kulitchula, n'chifukwa chake ambiri amalibisa mpaka litakula. Munthu amakhudza njinga pa malo atatu okha: m'manja, kumapazi ndi pokhalira. Maola akachuluka, malo atatuwa amayamba kudandaula. Zala zimachita dzanzi chifukwa cha kutsamira pa mahandulo, khosi ndi msana zimauma, bondo limayamba kubaya ngati chishalo chatsika kapena chakwera kwambiri. Choopsa kuposa zonse ndi zilonda za pokhalira, zomwe zimayamba ndi kunyuka kwa khungu chifukwa cha thukuta ndi kukhuzana ndi chishalo, kenako n'kusanduka zithupsa. Pa ulendo wa tsiku limodzi chilonda chotere si nkhani, popeza mawa lake munthu amapuma n'kuchira. Pa ulendo wa masiku ambiri, chilonda cha Lachiwiri umachikhalira Lachitatu, Lachinayi mpaka Loweruka. Mu 1989, Laurent Fignon wa ku France adaluza mpikisano wa Tour de France kwa Greg LeMond wa ku America ndi masekondi asanu ndi atatu okha, atapalasa makilomita oposa 3,000. Zifukwa zidalipo zingapo, koma chimodzi mwa izo chidali chilonda cha pokhalira chomwe chidamuzunza masiku otsiriza. Ngati kachilonda kangalande chikho katswiri, kuli bwanji wophunzira amene wabwereka njinga ya amalume ake?

Njinga nayo imatopa. Tayala limaphwa, tcheni chimaduka, masipoko amathyoka, mabuleki amaperepeseka pa matsitso ataliatali. Pa tsiku lalifupi, kumata chubu ndi nkhani ya mphindi makumi awiri ndi nthabwala ziwiri zitatu. Pa tsiku lalitali, mphindi zomwezo zimachotsedwa pa kuwala kwa dzuwa komwe kudali kochepa kale. Mu 1913, Eugène Christophe, akutsika phiri la Tourmalet pa mpikisano wa Tour de France, foloko ya njinga yake idathyoka. Adasenza njingayo mtunda wa makilomita pafupifupi khumi mpaka pa mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, komwe adakonza yekha folokoyo pa chipala cha wosula zitsulo, popeza malamulo a nthawiyo sankalola kuthandizidwa. Adataya maola pafupifupi anayi, ndipo adapatsidwanso chilango chifukwa mnyamata wina adamuvukutira mvukuto. Nkhaniyi imasimbidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha kulimba mtima, ndipo ndi zoona. Koma ikutiphunzitsanso kuti chakudza sichiimba ng'oma. Amene wakonza tsiku lake mothinana, osasiya mpata wa ngozi, wakonza tsiku lomwe lingatheke pokhapokha chilichonse chitayenda bwino, ndipo pa msewu zinthu siziyenda choncho kawirikawiri.

Mavuto onsewa akasonkhana amabala vuto lalikulu, lomwe ndi mdima. Kuno kwathu dzuwa likangolowa, mdima suchedwa. Misewu yathu yambiri ndi yopapatiza, m'mbali mwake phula lidadyeka, ndipo madzulo ndi nthawi imene malole akuluakulu, maminibasi othamangira ulendo womaliza, ng'ombe zobwerera kukhola ndi anthu ochokera kumsika zimakumana pamodzi. Wopalasa amalowa m'chipwirikiti chimenechi pa nthawi yomwe maso ake atopa, manja achita dzanzi ndipo nzeru zagona. M'mawa akadaona dzenje n'kulizemba. Madzulo amaliona ataligunda kale. Apa m'pamene tsiku lalitali limasiya kukhala nkhani ya kupirira n'kukhala nkhani ya moyo ndi imfa. Makilomita khumi otsiriza, omwe munthu amawakakamira kuti akwanitse chiwerengero chimene adalonjeza anzake, ndiwo oopsa kuposa makilomita zana oyamba aja.

Tsopano tifike pa ngongole ija. Anthu ambiri amaganiza kuti tsiku limatha munthu akatsika pa njinga, koma pa ulendo wa masiku ambiri ntchito ina imayamba pomwepo. Pamafunika kupeza pogona kapena kumanga tenti, kusamba, kuchapa kabudula wopalasira kuti aume pofika m'mawa, kupukuta ndi kuthira mafuta tcheni, kumata machubu obooka, kuphika, kudya ndi kugona mokwanira. Wofika 3 koloko masana amachita zonsezi mosapupuluma. Wofika 7 koloko usiku amasankha zoti asiye. Amagona osasamba, choncho chilonda chija chimakula. Amavala kabudula wonyowa m'mawa. Amadya pang'ono chifukwa kutopa kwamutseka kummero, pamene nkhokwe ya shuga ija imafuna pafupifupi tsiku lathunthu ndi chakudya chokwanira kuti idzalenso. Ngati ali m'mbali mwa nyanja, amamanga tenti udzudzu ukumudya, ndipo malungo akhoza kumupeza sabata ikudzayo ali kutali ndi chipatala. M'mawa amanyamuka mochedwa, dzuwa litakwera kale, ndipo tsiku lomwe lidayenera kukhala lopepuka limasandukanso lalitali. Umu ndi momwe ngongole ya tsiku limodzi imaberekera chiwongoladzanja mpaka ulendo wonse kuwonongeka.

Sitingaiwalenso zimene tsiku lalitali limachita pa ubale wa anthu oyendera limodzi. Akuluakulu adati kuyenda awiri si mantha, ndipo pa njinga mawuwa ali ndi umboni wa sayansi: wopalasa kumbuyo kwa mnzake amabisala ku mphepo ndipo amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Gulu losinthana kutsogolera limayenda mtunda wautali mosavutika kwambiri. Koma njala ndi kutopa zikalowa, gulu limasweka. Wamphamvu amaona ngati wofooka akumuchedwetsa dala. Wofooka amaona ngati wamphamvu akumuonetsera. Mawu amene sakadayankhulidwa m'mawa amatuluka madzulo, ndipo madzi akatayika saoleka. Choipa kwambiri n'chakuti wofookayo, poopa kutchedwa mtolo, amabisa kuti akumva chizungulire kapena kuti bondo lamutupa. Pa gulu lotamanda kupirira, munthu woyamba kunena kuti watopa amaoneka wamantha, choncho aliyense amakhala chete kudikira mnzake kuti ayambe.

Pa ulendo wa Tour d'Afrique padakhazikika ulemu wina wotchedwa EFI, woperekedwa kwa amene wapalasa inchi iliyonse ya njirayo osakwerapo lole ngakhale kamodzi. Sindikukana kuti kuchita zimenezi kuchoka ku Cairo mpaka ku Cape Town ndi chinthu chachikulu. Koma tiyeni tione zomwe ulemu wotere umalimbikitsa. Munthu amene watsegula m'mimba usiku wonse, m'mawa amakhala ndi zisankho ziwiri: kukwera lole, kupuma, n'kuchira m'masiku awiri, kapena kupalasa ali wodwala kuti asataye ulemu uja. Lamulo la inchi iliyonse limamukankhira ku chisankho chachiwiri. Limachititsa kuti nzeru zioneke ngati kulephera, ndipo kuuma mutu kuoneke ngati ungwazi. Pa mpikisano, pomwe pali chikho ndi madokotala otsatira pambuyo, mwina tinganene kuti ndi momwe masewero amakhalira. Koma ulendo si mpikisano. Cholinga chake ndi kuona dziko, kukumana ndi anthu ndi kukafika. Munthu amene wadutsa chigwa cha Henga mutu uli pansi, maso ali pa tayala lakutsogolo, osaona phiri kapena mtsinje, wapalasa inchi iliyonse koma sadaone ngakhale imodzi.

Ena anganene kuti maganizo angawa ndi a munthu waulesi. Iwo amati munthu sadziwa mphamvu zake mpaka atafika pamapeto pake, ndipo nthawi zambiri mutu ndi umene umatopa msanga thupi likadali ndi mphamvu. Mfundoyi ili ndi choonadi. Aliyense amene adayendapo mtunda wautali amadziwa kuti pamakhala ola lina loipa, kawirikawiri dzuwa likapendeka, pomwe chilichonse chimaoneka chosatheka, koma munthu akadya, kumwa ndi kukhala pamthunzi kwa kanthawi, mphamvu zimabwerera. Wothawira m'lole nthawi iliyonse imene wamva kuwawa sadzadziwa chisangalalo cha kupyola ola limenelo. Koma pali kusiyana pakati pa kutopa ndi kuvulala. Miyendo yolemera, kunyong'onyeka ndi kulakalaka mphasa ndi kutopa, ndipo mankhwala ake ndi kupirira. Chizungulire, kusokonezeka maganizo, kusanza, kupweteka kobaya m'bondo kapena pachifuwa ndi zizindikiro za ngozi, ndipo mankhwala ake ndi kuima. Luso lenileni la woyenda pa njinga ndi kusiyanitsa ziwirizi, ndipo khalidwe lotamanda makilomita limapha luso limeneli.

Ena anganenenso kuti nthawi zina tsiku lalitali silipeweka. Izinso ndi zoona. M'chipululu cha ku Sudan kapena m'tchire la ku Botswana, malo opezeka madzi ndi pogona ndi otalikirana, ndipo kugona pakati pa njira, komwe kumayenda njovu, si nzeru. Ngakhale kuno kwathu, wodutsa m'nkhalango ya Chikangawa amayenda mtunda wautali osaona sitolo. Sindikunena kuti tsiku lalitali lithetsedwe. Ndikunena kuti lizionedwa monga momwe mlimi amaonera ngongole ya feteleza: amaitenga pamene palibe njira ina, amadziwiratu kukula kwake, ndipo amakonzeratu momwe adzabwezere. Tsiku lalitali lokonzekeredwa bwino limatsogozedwa ndi tsiku lopepuka, limayamba m'bandakucha, ndipo limatsatiridwa ndi tsiku lopuma. Tsiku lalitali longotulukira chifukwa choti gulu lidachedwa kudzuka, kapena chifukwa choti wina adanena kuti tauni yotsatira ili pafupi, ndi lomwe limavulaza anthu.

Mwina wina atchula Mark Beaumont wa ku Scotland, yemwe mu 2015 adapalasa yekha kuchoka ku Cairo kufika ku Cape Town m'masiku osakwana 42, ndipo mu 2017 adazungulira dziko lonse lapansi m'masiku osakwana 79. Kwa iye tsiku lililonse lidali lalitali. Koma tikaonetsetsa, chitsanzo chake chikugwirizana ndi mfundo yanga. Pa ulendo wa 2017 ankapalasa maola 16 pa tsiku, atawagawa m'zigawo zinayi za maola anayi anayi, akudzuka nthawi imodzimodzi m'bandakucha, ndipo adali ndi gulu la anthu omuphikira, omukonzera njinga ndi oyang'anira thanzi lake. Chinsinsi chake chidali kubwereza tsiku lofanana mosalekeza, osachita tsiku limodzi lodabwitsa lomwe likadamugoneka mawa lake. Adakonzekeranso zaka zambiri. Kutengera makilomita ake popanda kutengera dongosolo lake kuli ngati kuona mnzako akudya uchi iwe n'kukapisa dzanja mumng'oma wopanda utsi.

Nzeru zimenezi si zatsopano. Paul de Vivie wa ku France, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Vélocio ndipo adamwalira mu 1930, amatengedwa ngati kholo la maulendo okaona malo pa njinga. Iye adasiya malangizo asanu ndi awiri, ndipo ena mwa iwo amalimbikitsa kudya njala isanafike, kumwa ludzu lisanafike, kusadzikakamiza mpaka kulephera kudya kapena kugona, ndiponso kusapalasa pongofuna kudzionetsera. Thomas Stevens, munthu woyamba kuzungulira dziko pa njinga, adanyamuka ku San Francisco mu 1884 n'kumaliza kupalasa ku Japan kumapeto kwa 1886. Njinga yake idali ya tayala lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo, yopanda magiya, ndipo m'malo ambiri ankatsika n'kumaikankha. Palibe amene amamunyoza lero chifukwa choti adayendako pansi. Timamukumbukira chifukwa adafika.

Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a nzeru zimenezi tili nawo pakhomo pomwe, kungoti sitiwatcha akatswiri. Taonani abambo amene amabweretsa makala, nkhuni, nthochi kapena matumba a chimanga m'mizinda yathu pa njinga, ndiponso anyamata a kabaza omwe amapalasa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Iwo amanyamuka tambala woyamba kuti zitunda zikuluzikulu azidutse kusanatenthe. Pa chikweza amatsika n'kukankha opanda manyazi. Dzuwa likafika paliwombo amakhala pansi pa mtengo, n'kudya chinangwa, mbatata kapena nzimbe, n'kumwa thobwa. M'thumba simusowa pampu, guluu, zigamba ndi sipanala. Sathamangitsana, chifukwa aliyense amadziwa kuti mawa kulinso ulendo, ndipo akagona pa mphasa ana agona ndi njala. Iwowa alibe lole yowatsatira pambuyo, ndipo n'chifukwa chake sangayerekeze kuwononga thupi pa tsiku limodzi. Mlendo wa njinga ya magiya makumi awiri akadakhala nawo pansi pa mtengo paja, akadaphunzira zambiri kuposa zimene adawerenga m'mabuku asananyamuke kwawo.

Kodi tsono ophunzira amene akukonza ulendo, tinene wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300, achite chiyani? Ayambe ndi kuwerengera tsiku lililonse m'maola, poganizira zitunda, mphepo ndi liwiro la munthu wofooka kwambiri pa gulupo, osati la wamphamvu. Aike lamulo loti pofika 4 koloko madzulo aliyense akhale atatsika pa njinga, kuti patsale maola awiri a ngozi zosayembekezereka. Tsiku lalitali lisakhale loyamba, pamene thupi silidazolowere chishalo, komanso asaike masiku awiri aatali motsatizana. Afunse anthu a m'deralo za njira, popeza safunsa adadya phula, koma afunse za zitunda ndi mijigo, chifukwa mawu oti "ndi pompano" kumudzi akhoza kutanthauza maola atatu. Chachikulu koposa, agwirizane asananyamuke kuti aliyense ali ndi ufulu wonena kuti watopa, ndipo wokwera galimoto tsiku limodzi sadzasekedwa. Pangano lotere liyenera kuchitika anthu ali okhuta ndi osangalala, chifukwa pa chitunda, dzuwa lili pamutu, palibe amene angaliyambitse.

Pomaliza, tiyenera kusintha funso limene timafunsa obwerera ku maulendo otere. Tikapitiriza kufunsa za makilomita a tsiku limodzi, tipitiriza kulera achinyamata oganiza kuti kudzivulaza ndi ungwazi, ndipo ena mwa iwo adzatsala panjira. Tiziwafunsa kuti adadzuka bwanji tsiku lotsatira, adafika angati mwa onse amene adanyamuka, ndipo adaona chiyani m'njiramo. Makolo athu, amene ankayenda pansi kuchoka kuno mpaka ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni, adatisiyira mawu oti kuthamanga si kufika. Iwo ankadziwa kuti pa ulendo wa masabata ambiri munthu amasunga mapazi ake monga momwe amasungira kamba wa m'thumba, kudya pang'onopang'ono kuti afike naye. Njinga yafupikitsa mitunda, koma thupi la munthu likadali lomwe lija, ndipo likufunabe kuti amene walikongola lero alibweze usiku womwewo ndi chakudya, madzi ndi tulo.